Kalumo ka mlendo, gaga wa nkhuku

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sabata yatha ndinakaona kalumoko ku Matero, kali m'kapaketi m'manja mwa alamu anga. Anakagula ku Kamwala atatha masiku anayi akulowa m'chimbudzi n'kutulukamo opanda nkhani.

"Alamu, iyi ndi psyllium," anatero monyada. "Amwenye amati isabgol."

Ndinatapako pachala. Mankhusu! Ndi a timbewu ta chomera chotchedwa Plantago ovata, chimene amalima kwambiri ku Gujarat ndi ku Rajasthan ku India. Tsono alamu angawa ufa wa rola saufuna n'komwe, amati umawachotsa ulemu. Wawo ndi bulekifasi woyera mbee, gaga n'kumwazira nkhuku. N'chifukwa chake nkhuku za pakhomopo sizinadzimbidwepo; umboni uli pakhonde m'mawa uliwonse. Chimanga chathu timachivula malaya kuchigayo, malayawo n'kupatsa tambala, ife n'kukwera minibasi kukagula malaya a mbewu ya eni, obwera pa sitima.

Koma ndisanyoze kwambiri, kalumoko n'kakuthwadi. Mukathira supuni imodzi m'madzi n'kuchedwa kumwa, mupeza zasanduka ngati therere, ndipo ntchito yake yagona pa kutererako: chimbudzi chimagwira madzi n'kufewa, cholesterol yoipa m'magazi n'kutsikako. Mu 1998 bungwe la FDA ku America linalola ogulitsa kulemba papaketi kuti zingachepetse chiopsezo cha matenda a mtima. Gaga amakankha ndithu m'matumbo, koma satereramo chotere, ndipo pa cholesterol mlendo amamposa. Ndikuvomera, ngakhale zikundiwawa.

Chimene mwambiwu sunanene n'chakuti mlendo amadzanso ndi ludzu. Ameneyu amafuna kapu yodzaza; mukamumana madzi amatupa pakhosi n'kukutsamwitsani. Ku Kanyama kapena ku George kapu imeneyo imayambira pa mzere wa zigubu pa kiyosiki, ndipo amene anaona Heroes Stadium itasanduka chipatala cha kolera mu 2024 samwa asanawiritse kapena kuthira klorini. Makala nawo si aulere.

Alamu anamasuka tsiku lachitatu, anthu oyandikana nawo n'kudziwa chifukwa anatulukamo akuimba mluzu. Madzulo ake achemwali anaphika therere ndi nsima ya rola. Alamu anayang'ana mbale, n'kuyang'ananso kapaketi kawo.

"Amake mwana, ufa woyera watha?"

"Ulipo," anatero achemwali. "Sambani m'manja."