Tsabola Wakale Sawawa, Nanga Canela?

Mwambi woti tsabola wakale sawawa ndakhala ndikuumva chibadwire, koma ndinali ndisanaone munthu akuugenda kwa apongozi ake mpaka tsiku limene mwana wa mlongo wanga anatuluka m'chikuta. Kunali kwathu kuno ku Angónia, m'munsi mwa phiri la Domwe, mu June, mwezi umene chisanu chimalowa m'mafupa osanena odi. Mchombo unali utagwa, mwana atamumeta, tonse tili pakhonde kuothera dzuwa ndi kudikira dzina.

Amayi anali atakonzeka kale ndi dzina la malemu amayi awo. Asanatsegule pakamwa, mlongo wanga anati iye ndi amuna ake anagwirizana: mwanayu ndi Canela.

"Wati chiyani? Kanema?"

"Ayi amayi, Ca-ne-la."

"Ndi wa kuti ameneyo? Wa kwathu kapena wa kuchimuna?"

Mlongo wanga analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapepala kamene anagula ku Ulongwe. Munali timakungwa tofiirira topiringizika ngati ndudu ya chingambwe. Amayi anatola kamodzi, kukanunkhiza, kukaluma pang'ono, kenaka kulavula.

"Ili ndi khungwa la mtengo. Miyezi isanu ndi inayi yonseyi, kuti mwana atchedwe khungwa? Mukanangoti Chitimbe, bwenzi tikudziwa kumene umamera."

Apa m'pamene alamu anga, maso ali pansi monga achitira mkamwini waulemu, anandinong'oneza mokweza dala kuti, "Alamu, tsabola wakale sawawa." Amayi anamva. Sanayankhe. Aliyense wokulira m'nyumba mwawo amadziwa kuti amayi akapanda kuyankha, nkhani aisunga patsindwi.

Poti ndine malume, mbali zonse zinandiyang'ana. Ndinachita zimene amachita malume aliyense wanzeru: ndinati ndikaganize.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti dzinali limakoma pakamwa. Lilime lathu silikonda zilembo zopanikizana. Mwana mukamutcha Gertrudes, pofika madzulo mudzi wonse wamusandutsa Getulude. Canela alibe minga yotere. Ngakhale agogo opanda mano amutha. Komanso m'kalasi mphunzitsi akaitana Maria kapena Esperança, atsikana amadzuka ngati nkhwali zovumbulutsidwa m'tchire, pamene Canela adzadzuka yekha. Mlongo wanga analitola m'sewero la pakanema la ku Brazil lotchedwa Gabriela, lochokera m'buku la Jorge Amado la 1958, Gabriela, Cravo e Canela. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanatengere dzina la mtsikanayo m'malo mwa zokometsera zake. Anati a Gabriela achuluka kale pamsika. Tingothokoza kuti mwanayu si wamwamuna, bwenzi pano tikulera Cravo.

Khungwalo nalonso si lachabechabe monga analionera amayi. Kwawo kwa mtengowu ndi ku Sri Lanka, ndipo kale unali katundu wa mafumu. Vasco da Gama atakocheza pa Ilha de Moçambique mu 1498, sankafuna ife ayi, tinali panjira chabe. Ankathamangira ku India kukasaka zonunkhiritsa chakudya zoterezi. Apwitikizi anakakamira m'mbali mwa chilumba cha Sri Lanka mpaka Adatchi atawapirikitsa mu 1658. Tikanena mosapsatira, khungwa limeneli lili m'gulu la zinthu zimene zinachititsa kuti ine ndizilemba mayeso m'Chipwitikizi pamene msuweni wanga wa kutsidya kwa msewu pa Lizulu akulemba m'Chingerezi. Mwana wotchedwa dzina la chinthu chomwe anthu ankamira nacho m'nyanja sanganenedwe kuti anamupeputsa.

Akatekisiti nawo, amene ndinkayesa kuti akhala mbali ya amayi, anandidabwitsa. Anati m'buku la Yobu, mwana wamkazi wachiwiri amene Yobu anabereka mavuto ake atatha anali Keziya, ndipo dzinalo ndi la kasiya, khungwa lonunkhira lomwe ndi phwake wa canela yemweyu. A Keziya tili nawo m'midzi muno, ena ndi agogo, ndipo palibe anawafunsapo kuti amamera kuti.

Koma ndinapita kukaganiza, ndipo kuganiza kuli ndi vuto lake.

Choyamba ndi chilembo choyambacho. Mpwitikizi akaona C wa m'dzinali amati "ka". Ife m'kalembedwe ka Cinyanja ka kuno, C yemweyo ndi "cha". Ndiye mwana mmodzi adzakhala Kanela kusukulu, Chanela kwa wowerenga kutchalitchi, ndipo akadzadwala n'kupita kuchipatala cha kutsidya ku Dedza, kalaliki adzalemba Kanera, poti L ndi R kwa ife ndi mapasa ovala malaya amodzi. Pofika zaka makumi awiri adzakhala ndi mapepala a anthu atatu.

Chachiwiri n'chimene chinandisowetsa tulo. M'chilankhulo chathu, "ka" woyambirira si wosalakwa. Kamwana, kambuzi, kanthu. Khutu la munthu wa kuno likamva Kanela limamva ka-Nela, Nela wamng'ono, ndipo pakamwa pamangotsatira: kabwera, kagona, kakulira. Ali wakhanda zikukhala bwino. Nanga akadzakhala ndi udindo? Mudzamva anthu pa ofesi akuti, "Kaliko kabwanako?" Ndiyeno taganizani akadzanenepa, monga amanenepera akazi a kwathu ndi mbatata ya kachewere ya m'madimba muno. Ka-Nela akakula amakhala chi-Nela. Tsoka ilo, chinela m'Chipwitikizi ndi patapata wa kuphazi. Ana a sukulu a kuno amayankhula zilankhulo ziwiri, ndiye amatukwananso m'zilankhulo ziwiri. Sadzavutika n'komwe: panela ndi mphika, janela ndi zenera. Mwana mmodzi adzakhala ziwiya za nyumba yonse.

Sizinathere pomwepo. Canela m'Chipwitikizi ndi msongolonso, fupa la kutsogolo kwa mwendo lija limatiliza tikagunda chitsa usiku. Mnzako akakuponda pampira amati wakupatsa canelada. Ndipo Mpwitikizi akafuna kunena mwachipongwe kuti munthu watsamira mkono, amati wawongola canela. Izi sindinawauze amayi. Munthu supereka nkhwangwa kwa amene wakwiya kale.

Ndili chigonere ndi maganizo amenewa, mwambi wa alamu uja unanditembenukira. Iwo anaunena ponyoza zakale, monga achitira achinyamata onse: malangizo anu anatha mphamvu, tisiyeni. Koma mwambiwu umagwiranso maina. Anzanga ambiri anabadwira ku Dedza ndi ku Ntcheu makolo atathawa nkhondo, n'kubwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 atasenza maina olemera: Mavuto, Tsoka, Masautso, Chisoni. Tsiku limene maina amenewo ankaperekedwa ankawawa zedi. Munali misozi, nthawi zina munali kuzazira mnansi mophiphiritsa. Lero ndani amagwetsa nkhope popereka moni kwa Mavuto? Timangoti, "A Mavuto, mwaswera?" iwo akuseka, akuwerenga ndalama za fodya. M'dziko lathu lino muli mabanja olemekezeka otchedwa Sabonete, Alfinete ndi Canivete, kutanthauza sopo, phini ndi kampeni, ndipo palibe amaganiza zosamba akamva bwana Sabonete akuitanidwa pamsonkhano. Dzina limaphwa ukali likamagwiritsidwa ntchito, mpaka limangotsala nkhope ya mwini wake.

Ngakhale tsabola wa m'mwambiyo si wakale monga amadzionetsera. Kwawo ndi ku America, ndipo anafika kuno ndi zombo za Apwitikizi omwewo pambuyo pa 1492, monganso chimanga, fodya ndi mbatata, zinthu zimene Angónia yense amadalira lero. Adyo amene amayi amasinja tsiku ndi tsiku ndi alho wa Chipwitikizi atavala chitenje. Ndiye kuti kunali tsiku lina, kalekale, pamene agogo ena ananunkhiza tsabola koyamba n'kufunsa kuti ndi wa kwathu kapena wa kuchimuna.

Ndipo tinene zoona, dzina la mtsikana kuno limagwira ntchito zaka zochepa. Akangosinkhuka ayamba kumuitana ndi mfunda, Naphiri kapena Nangozo. Akabereka ndi amake uje. Akakalamba ndi agogo. Dzina limene tinatsala pang'ono kuthyolerana miyendo limakatsala pa chitupa ndi pakamwa pa anamwino. Ine dzina lenileni la agogo anga ndinalimva koyamba pamaliro awo, ndipo ndinayamba ndacheuka kufuna kuona kuti akunena ndani.

Choncho ndinabwerera kukapereka chigamulo changa monga mwini mbumba, nditakonza mawu bwinobwino. Ndinapeza kuti palibe amene ankachidikira. Alamu anali atapita kale ku Ulongwe kukalembetsa mwana, ndi C.

Madzulo ake amayi anaphika okha, zimene sachita kawirikawiri masiku ano. Nsima, nyemba, ndi nkhuku ya mwana watsopano. Ndinawaona akukwera pampando n'kutsitsa patsindwi, pamwamba pa moto, kansalu kakuda bii ndi mwaye. Munali tsabola wa kambuzi wouma, wokwinyika ngati chikopa cha nalimata, amene ndikukhulupirira kuti anathyoledwa alamu asanayambe n'kufunsira komwe. Anasinja tiwiri m'kamtondo, n'kuwaza m'mbale ya mkamwini yokha.

Alamu anatema mbamu yoyamba, kususa, kumeza. Yachiwiri sinafike pakamwa. Maso anafiira, mphuno inayamba kuchucha, thukuta kutuluka mu June. Mkamwini sangalavule chakudya cha apongozi, ndipo sangapemphe madzi mofuula. Anangokhala chete, misozi ili chuchuchu, akuyang'ana denga ngati akuwerenga mapaso.

Amayi anali pakhomo la khitchini, mwana ali m'manja, akumugwedeza.

"Tawafunsa bambo akowo, Katsabola iwe," anatero, osayang'ana aliyense. "Wakale uja, akuti bwanji?"