Sienta ya Khrisimasi pa Kanyenda

Disembala akafika, ogulitsa magalimoto ku Lilongwe ndi ku Blantyre amayamba kutikonda. Mitengo akuti yatsika, ndipo galimoto yomwe yakhala ikupsa ndi dzuwa chaka chonse aipukuta mpaka kuoneka ngati mkwatibwi.

Kuno kwa Kanyenda tilibe malo oonetsera magalimoto. Wogulitsa wathu amayenda nawo m'thumba: foni yodzaza zithunzi za Toyota Sienta pa WhatsApp. Galimotoyo ikadali ku Japan, sinanunkhize n'komwe doko la Dar es Salaam, koma iye walumbira kale kuti mukapembedzera Khrisimasi mutaikwera. Kalendala yake ndi mzimbe: amadziwa tsiku lomwe alimi a ku Dwangwa alandira kuposa akazi awo omwe.

Za msonkho wa MRA pa Songwe amazinena motsitsa mawu, ngati uthenga wa maliro. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo "wotsitsidwa" umagula feteleza wa mudzi wonse.

Ine ndamuuza abwere mu Januwale, fizi ikatipsinja, adzandiuze ngati akugulanso magalimoto. Pakadali pano, achimwene akabaza, tiyeni pa Dwangwa.