Wamenya Ndiye Akatenge

Malamulo a mpira wamiyendo alipo 17, ndipo muzu wake ndi msonkhano wa ku London wa mu 1863. Koma lamulo loposa onsewo silili m'buku. Lili pakamwa pa ana a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo: mpira ukadumpha mpanda, wamenya ndiye akatenge.

Ha, nzeru zake! Silifuna oyimbira, silidikira VAR. Chikulunga chikangogwera kuseri kwa mpanda, maso onse ali pamwendo umene wapalamula. Kaya majumbo adali ako ndipo udamanga wekha, kaya ndiwe katswiri amene matimu onse amakulimbirana, unyamuka basi. Pa Bingu National Stadium wosewera akaphonya golo amangogwira kumutu, ena n'kumutolera mpira. Kuno ayi.

Ndipo ulendo wakewo si wamasewera. Pamwamba pa mpanda pali mabotolo osweka, ndiye njira ndi yapageti. Mkatimo galu wayamba kale kuuwa. Mwina mpira watera pamphasa ya ufa woyanika, mwina wathyola mpiru wa eni ake. Mwana amene amakalipa pabwalo posachedwapa amatsitsa mawu, manja kumbuyo: "Odi kuno! Pepani amayi, tabwera kudzapempha mpira wathu." Akalipiridwa, apepesa, alonjeza, adikira. Ndikunenetsa, akazembe a dziko lino akadaphunzirira ntchito pageti limeneli. Ulemu, kulimba mtima ndi kusenza mlandu wako wekha, zonse mwana amazitola m'mphindi zochepa, osalipira fizi. Mawa lake muoneni: mpira akuuyendetsa pansi, moyeza, chifukwa galu uja akumukumbukira.

Ku America nawonso mpanda umawasautsa. M'masewera a baseball, wosewera amaloledwa kutambasula mkono kupyola mpanda n'kuwakha mpira, womenyayo n'kutuluka. Koma mu 1996 ku New York, mnyamata wa zaka 12 wa m'gulu la oonerera adatambasula dzanja n'kupatutsa mpira umene wosewera Derek Jeter adamenya. Oyimbira adati chigoli cha Jeter chawerengedwa, ndipo anthu akukanganabe mpaka lero. Mabuku onse aja, makamera onse aja! Ana a ku Mgona ndi ku Area 25 nkhani ya mpanda adaitseka kalekale.

Wokatenga mpira uja akapita, masewera amaima, zigoli sizisintha, malo ake salowapo wina. Akaupeza amauponya pamwamba pa mpanda womwewo, anzake n'kuyambapo kusewera, iye akuthokozabe amayi aja kuti atuluke bwino pageti.