Madzi saiwala khwawa, nanga a mabuleki bwanji?

Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pansi pa mitengo ya mango m'makomo ambiri a ku Area 25, Chilomoni ndi Chibavi pasanduka magalaja. Bambo amene kale sankadziwa n'komwe potsegulira boneti, lero Loweruka lonse ali chigonere kunsi kwa Sienta, foni ili pachifuwa, akumvera malangizo a pa YouTube. Mapadi wasintha yekha, chatsala n'kuchotsa mpweya m'mapaipi. Mayi a kunyumba awakhazika pampando wa dalaivala. "Pondani! Pondaninso! Gwirani pompo, musachotse phazi!" Sipanala yamasula nipo ya pa kalipa, botolo laikidwa kale kunsi, koma ngakhale dontho la mafuta a mabuleki. Makolo anati madzi saiwala khwawa, koma awa, omwe akhala akuyenda m'paipi yomweyo kuyambira galimoto ili ku Japan, akuoneka kuti aiwala.

Ine ndikuti makolo sanalakwe, ndipo mlandu ukuperekedwa kwa osalakwa. Woyamba kunamiziridwa amakhala mayi aja, akuti sakuponda bwino. Wachiwiri ndi mafuta a mabulekiwo, akuti ndi achinyengo. Koma Blaise Pascal anasonyeza kale m'zaka za m'ma 1600 kuti zamadzimadzi zotsekeredwa zikakanikizidwa mbali imodzi, mphamvuyo imafika paliponse mofanana. Mafutawa alibe mwano, salowa tchuthi. Akapanda kutuluka ndiye kuti khwawa latsekedwa penapake, ndipo kawirikawiri wotseka ndi yemwe wagwira sipanalayo. Kachipewa ka labala ka pa nipo kanagwa kalekale m'msewu wafumbi, matope ndi dzimbiri zamanga nyumba m'kabowo kake. Nipo yotere ndi yoichotseratu n'kuitokosa ndi kawaya, ntchito yosatha nthawi ngakhale yophikira tiyi.

Chigawenga chenicheni ndi paipi ya labala yochokera ku thupi la galimoto kupita ku gudumu. Kunja imaoneka yaulemu, yakuda bwino, yopanda mng'alu, pomwe m'kati yatupa kapena yasupuka. Amaipha ndi omwe amaipana ndi pulayazi kuti mafuta asatayike, komanso omwe amasiya kalipa ili lende pa paipiyo posintha mapadi. Ikawonongeka chotero, nthawi zina imalola mafuta kupita mwakankha, koma kubwerera ayi, ndiye buleki imangokhala yogwira, gudumu limatentha, galimoto imakokera mbali imodzi ndipo petulo wa pamzere wa maola ambiri uja amathera kukoka mapadi. Apatu mwambi ukuvomerezeka momvetsa chisoni: madzi akufuna kubwerera kwawo, njira ndiyo palibe. Kuyesa kwake n'kosavuta. Gudumu likakana kuzungulira, masulani nipo. Mafuta akathovoka gudumu n'kumasuka, kalipa ilibe mlandu, vuto lili kumtunda. Likapitiriza kuuma, pisitoni kapena mapini a kalipa ndiwo agwidwa dzimbiri. Eni Hilux yakale ali ndi msampha wawo wapadera. Kumbuyo kuli valavu yoyeza kulemera kwa katundu, ndipo mukakweza galimoto pa shasi matayala akumbuyo n'kulendewera, imaganiza kuti kumbuyo kulibe kanthu, n'kuchepetsa mafuta opitako. Munthu angathe kutukwana tsiku lonse valavu yomwe ikungogwira ntchito yake mokhulupirika.

Choncho nzeru yake ndi ya woyang'anira ngalande za kumunda: madzi akapanda kufika kumapeto, amakwera ngalande akuona pomwe anathera. Pa nipo palibe, masulani pang'ono polowera paipi mu kalipa. Palibenso, pitani pokumanira ya labala ndi yachitsulo. Mukafika mpaka pa masita silinda osaona kanthu, funsani chomwe chinathiridwa m'kathanki. Oilo wa injini kapena wa giyabokosi amatupitsa malabala a m'kati mpaka kutseka kabowo kakang'ono kobwererapo mafuta, ndipo pamenepo kutokosa sikuthandizanso, zonse za labala n'zosintha.

Ena anena kuti zonsezi n'zotaya nthawi, mabuleki si malo ophunzirirapo, munthu apite kwa makaniko. Pa galimoto ya ABS yomwe mpweya walowa m'bokosi la mavalavu, akunena zoona, pakuti zina zimafuna kompyuta kuti mavalavu atseguke. Koma chizolowezi chopana paipi ndi pulayazi bambo wa pansi pa mango uja sanabadwe nacho, anachiona m'galaja. Ndipo mwini galimoto wodziwa kufunsa kuti "Mafuta athera pati, achimwene?" sangagulitsidwe masita silinda yatsopano pomwe chofunika ndi kawaya.

Pomwe nthabwala zimathera ndi pa madzi enieni. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amamwa chinyezi cha mumpweya, pang'ono ndi pang'ono, ngakhale kudzera m'malabala. DOT 4 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi malire ake amatsikira pa 155. Mumzinda simungadziwe. Mudzadziwira potsika Chiweta kapena mapiri a ku Chikwawa, phazi lili pa buleki makilomita angapo, mafuta akawira n'kusanduka nthunzi, pedulo n'kulowa mpaka pansi popanda chogwira. Madzi omwewo ndiwo amabala dzimbiri lotseka njira zonse tazitchulazi. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse, osati kumangowonjezera akachepa, ndiponso osati ndi botolo lotsala la chaka chatha lomwe lakhala chitsegukire m'buti pambali pa jeke dzinja lonse.