Kodi Mphamvu ya Ubwenzi Imakhala Pati?

Mdzukulu wanga wa zaka 12 amakonda kukhala pakhonde madzulo, foni ya amayi ake ili m'manja, maso ali pa makatuni a ku Japan. Ine ndimakhala pampando wanga wa ndalema chapambali, ndipo poti maso anga akadaona, ndinayamba kusuzumira. Ndi mmene ndinadziwira mnyamata wa tsitsi lachikasu wotchedwa Naruto.

Tsiku lina ndinamuona atamenyedwa kolapitsa. Anali thapsa pansi, magazi ali kukamwa, mdani wake ataima chilili. Mumtima ndinati basi, zake zada. Kenaka nkhope za anzake zinayamba kudutsa m'maganizo mwake imodziimodzi, kanyimbo kachisoni kakulira, ndipo mnyamata uja anadzambatuka ndi nyonga zoposa zimene anayamba nazo, nagwetsa mdaniyo.

"Kodi wamwa mankhwala?" ndinafunsa.

"Ayi agogo, wakumbukira anzake."

"Anzakewo afika kudzamuthandiza?"

"Ayi, ali kutali. Wangowakumbukira basi. Imeneyo ndiye mphamvu ya ubwenzi."

Ananena mopepuka ngati akundiuza kuti mchere umakoleretsa ndiwo, maso osachotsa pafoni. Koma ine mawuwo anandikhala pamtima, ndipo ndili ndi mafunso ofuna ondithandiza.

Mlongo wake, amene akuphunzira zauphunzitsi pa Kwame Nkrumah University konkuno ku Kabwe, anandifotokozera kuti nkhaniyi inayambira m'magazini ya zojambula yotchedwa Weekly Shonen Jump, ndipo mwini wake, Masashi Kishimoto, anailemba kuyambira 1999 mpaka 2014, mitu 700 yathunthu. Magaziniyo imadziwika ndi mfundo zitatu: ubwenzi, khama ndi chipambano. Ndiye chifukwa chake a Goku, a Luffy ndi ena amene ana athu amawatchula ngati anansi, zikawathina amadzukira anzawo. Khama ndikulimvetsa. Chipambano ndikuchimvetsanso. Chimene chikundizunguza ndi ulalo wochokera pa ubwenzi kukafika pa chipambanocho.

Kodi mdani uja alibe anzake? Nayenso anabadwa kwa mayi, anasewerapo fumbi ndi ana anzake. Bwanji onse awiri atakumbukira anzawo nthawi imodzi, angapambane ndani? Wa anzake ochuluka? Nanga wogonjayo, tinene kuti sankakondedwa mokwanira? Funso limeneli limandiwawa, chifukwa ndaperekeza kumanda anthu amene ankakondedwa ndi mudzi wonse, ndipo matenda anawagonjetsa anzawo ali pompo, atagwira dzanja.

Ife tinakulira nthano zina. Kwathu ku Katete, agogo akayamba kuti padangokhala, ife n'kuvomera kuti tilitonse, mabwenzi ankatulukamo ndithu, koma kawirikawiri ubwenziwo ndiwo unali msampha. Chaka cha njala Kalulu ndi Fisi, a ponda apa nane ndipondepo, anapangana kupha amayi awo kuti chakudya chikwanire. Fisi anachitadi. Kalulu anakabisa amayi ake, namakadya kumeneko mwakabisira. Pusi anakwera pamsana pa bwenzi lake Ng'ona, ndipo ali pakati pa mtsinje ndi pamene anamva kuti mtima wake ukufunika kukachita mankhwala. Chinamupulumutsa ndi bodza lakuti mtimawo wausiya mumtengo. Ngakhale titakula, tikumvera a Julius Chongo pa wailesi mu Poceza m'Madzulo, Kalulu anali yemweyo, wosadalirika. Akuluakulu ankangotiuza kuti bwenzi lako ndi la wina.

N'chifukwa chiyani agogo athu ankatichenjeza za abwenzi, pamene a ku Japan akulimbikitsa ana kutsamira abwenzi ndi thupi lonse? Kodi wina mwa iwo ananama? Agogo omwewo ankatinso mnzako akapsa ndevu mzimire. Koma taonani mwambiwo: ukuti mzimire. Ukhale pomwepo, utambasule dzanja, mwina upse nawe chala. Sukunena kuti wopsayo akakukumbukira uli kutali moto uzima wokha.

Ndinabwera ku Kabwe kudzagwira ntchito ya njanji dzina la Broken Hill lisanachokeretu pakamwa pa anthu. Masiku amenewo, munthu akafuna chitsanzo cha mabwenzi, ankatchula a Kenneth Kaunda ndi a Simon Mwansa Kapwepwe. Anakulira limodzi ku Chinsali, anaphunzira pa mishoni ya Lubwa, onse anakhala aphunzitsi, onse analowa ndale, onse anamangidwa ndi atsamunda mu 1959. Mlembi wa nkhani atafuna anyamata awiri oti adzapulumutse dziko, sakanapeza oposa amenewa. Ndipo dziko analitengadi mu 1964.

Zotsatira zake zambiri zinachitikira pakhomo pathu pomwe pano, pa Mulungushi Rock kumpoto kwa tauni. Mu 1967 a Kapwepwe anagonjetsa a Reuben Kamanga, munthu wakwathu kummawa, pa mpando wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani cha UNIP, ndipo chisankho chimenecho chinang'amba chipani motsata mitundu. Mu 1971 a Kapwepwe anatuluka nayambitsa chipani cha UPP. Mu February 1972 chipanicho chinaletsedwa, iwo natsekeredwa ndi boma la mnzawo wa paubwana, ndipo chaka chomwecho dziko linalowa mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Anadzabwereranso ku UNIP, koma mu 1978 atafuna kupikisana ndi a Kaunda, malamulo a chipani anasinthidwa ndipo sanaloledwe kuima. Anamwalira mu January 1980.

Mdzukulu wanga akuti nayenso Naruto ali ndi mnzake wotero, dzina lake Sasuke, amene anachoka m'mudzi nasanduka mdani. Naruto anamulondola zaka ndi zaka osatopa, mpaka anamenyana komaliza, aliyense naduka mkono umodzi, ndipo ali gone pansi anagwirizananso. Ndinamvetsera bwinobwino, kenaka ndinafunsa kuti nanga mphamvu imeneyi inali kuti mu 1972? Ine sindikuweruza akuluakulu awiri aja, onse anagona. Ndikungofunsa. Kodi sankakumbukirana? Ndikhulupirira ankakumbukirana kwambiri, mwina usiku uliwonse. Kodi munthu angatsekere mnzake amene anagawana naye chinangwa ali ana, nkhope yakeyo osamubwerera? Ngati inkabwera, bwanji sinatsegule chitseko?

Pali chinanso. M'makatuni mdani amakhala ndi nkhope, ndipo nkhonya ili ndi pofikira. Kuno mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'mabwalo a ku Kasanda, ku Chowa ndi ku Makululu, ndipo limalowa m'magazi a ana amene akusewera pansi. Mu 2020 mlandu wokhudza fumbili unakasumidwa ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000. Ana amenewa ali ndi anzawo ochuluka kuposa a Naruto, amayenda m'magulu ngati mpheta. Akumbukire ndani kuti mtovuwo utuluke? Amenye ndani? Ndikaganiza zimenezi ndimaopa kuti mwana wofooka m'kalasi, amene mutu wake unavulazidwa ndi fumbi asanadziwe n'kulemba komwe, angadzaganize kuti vuto ndi lakuti alibe mtima wolimba ngati wa pafoni uja.

Ndinatsala pang'ono kumuuza mdzukulu wanga kuti zonsezi ndi zonamiza ana. Chinandiletsa ndi chimene chinachitika mu tauni muno mu 1997.

Chaka chimenecho Kabwe inaona zambiri. Mu August apolisi atabalalitsa msonkhano wa otsutsa boma, chipolopolo chinawapala a Kaunda pamutu, ndipo a Rodger Chongwe, amene anali nawo m'galimoto, anavulala. Mu October asilikali ena motsogozedwa ndi Captain Solo anayesa kulanda boma la a Frederick Chiluba, koma zinalephereka. Pa tsiku la Khirisimasi a Kaunda anamangidwa powaganizira kuti zinawakhudza, ndipo posakhalitsa anawabweretsa ku ndende ya Mukobeko konkuno. Anali ndi zaka 73. Anakana kudya. Ife m'makomboni tinkangonong'onezana, chifukwa nkhalamba ikakana chakudya masiku angapo, aliyense amadziwa kumene zikulowera, kaya unkawakonda kaya unatopa nawo.

Ndiye kunabwera a Julius Nyerere a ku Tanzania. Ife a njanji dzina limeneli timalidziwa mwapadera, chifukwa ndi iwo ndi a Kaunda amene anaumirira njanji ya TAZARA, yochokera ku Dar es Salaam kudzathera pa Kapiri Mposhi pafupi pomwepa, maiko akuluakulu a azungu atakana kuthandiza, mpaka anamanga ndi a ku China. Koma mu December 1997 a Nyerere sanalinso pulezidenti, mpando anausiya mu 1985. Analibe asilikali oti n'kuwalamula. Anali nkhalamba ya zaka 75. Anakwera ndege, nafika ku Zambia, nalowa pachipata cha Mukobeko. Ndipo a Kaunda anadya. Chaka chisanathe anawachotsa m'ndendemo n'kukawasunga panyumba ku Lusaka, ndipo mlanduwo unadzathetsedwa mu June 1998.

Kodi imeneyi ndiye mphamvu imene mwana uja akunena? Ngati ndi yomweyo, bwanji ikuoneka mosiyana chonchi? Palibe amene anadzambatuka ndi nyonga zatsopano. Mpanda wa ndende sunagwe. A Nyerere sanawakumbukire anzawo ali khale ku Tanzania, anachita kunyamuka. Ndipo chachikulu chimene chinachitika m'chipinda chija n'chakuti munthu wokalamba anatsegula pakamwa n'kulandira chakudya. Ndikaganizira, mwina anachita kugonja kumene, chifukwa anali atalumbira kuti sadya. Kodi bwenzi ndi amene amakupambanitsa, kapena ndi amene ukagonja pamaso pake suchita manyazi?

Ine zimenezi zinandionekerapo. Mayi a kunyumba kwanga atamwalira, ndinakhala masiku awiri kukhosi kutatseka. Abale anandinyengerera, a mpingo anandipempherera, koma nsima ndinkangoiyang'ana. Ndinali ndi mnzanga wa Chibemba amene tinagwira naye ntchito zaka zambiri. Mukudziwa chimbuya cha ife akummawa ndi Abemba: pamaliro iwo ndiwo amakumba, amaphika, amatipaka ufa kumaso, amatinyoza mpaka wolira aseke. Mnzangayo anagona panja pamoto masiku onse. Tsiku lachitatu m'mawa anabwera ndi phala m'kapu, nakhala pansi pafupi nane, nandinena kuti anthu a kummawa timangolimba pa mbewa, phala latikanika. Kenaka analeka nthabwala. Anati, "Mbuya, ine sindichoka pano." Anagwira kapu ija mpaka phala linazizira, anakalitenthetsanso, nabwera nalo. Ndinamwa. Mkazi wanga sanauke, chisoni sichinathe, ngongole za maliro zinanditsata chaka chathunthu. Koma ndinamwa, ndipo ndili pano.

N'chifukwa chiyani olemba nkhani sakhalitsa pamenepa? Kodi kapu ya phala ndi yovuta kujambula kuposa moto wotuluka m'manja? Kapena amaona kuti ana sangapirire kuonera munthu atangokhala pansi pafupi ndi mnzake, osachita kanthu? Mwina akunena zoona. Inenso ndili mwana sindikanakonda nthano imene Kalulu akungodikira Fisi kuti adye. Ndipo sindikufuna kumulanda mdzukulu wanga chinthu chimene chamuphunzitsa kuti mnzako akasochera sumutaya. Ndamuona akugawa chitumbuwa chimodzi pakati pa anyamata anayi, ndipo sindinganene kuti Naruto alibe gawo pamenepo. Ndikungofuna kudziwa kuti tsiku limene adzakumbukire anzake onse koma n'kugonjabe, adzaganiza chiyani za anzakewo, ndi za iye mwini.

Dzulo ndinamusimbira za ku Mukobeko. Anadabwa kumva kuti pulezidenti anagonapo m'ndende imene timaidutsa, koma nkhani ya kudya sinamugwire mtima kwenikweni. Anafunsa ngati a Nyerere anabwera ndi mfuti. Nditati ayi, anakhala chete, kenaka anati, "Dikirani agogo, chilipo china chofanana."

Anafufuza pafoni mpaka anabwerera koyambirira kwenikweni kwa nkhaniyo, Naruto akadali kamwana kosadziwa kanthu. Mphunzitsi wawo, Kakashi, anali atamumangirira pa chipika chifukwa chofuna kudya mozemba, napatsa anzake awiri chakudya chamasana, nawaletsa kuti asamugawireko ngakhale pang'ono, apo ayi alephera mayeso. Mphunzitsi atachoka, mimba ya Naruto ikulira, Sasuke yemwe uja anatambasula dzanja namupatsa mbale yake. Mtsikana Sakura anachitanso chimodzimodzi. Mphunzitsi anatulukira mwaukali, koma m'malo mowalanga anawauza kuti akhoza.

"Apa palibe ndewu," anatero mdzukulu wanga, chala chili kale pafoni. "Anzanga amangopitirira."

"Iweyo umapitiriranso?"

"Nthawi zina."

Ndinamupempha kuti abwezenso pamene mbale ija ikutambasulidwa. Anabweza. Ndinapemphanso kachiwiri, ndipo anandiyang'ana modabwa, koma anabweza, mpaka amayi ake anaitana kuchokera kukhitchini kuti foni ikufunika ndipo nsima yapsa.