Kukongola N'kukongola: Malangizo kwa Ofuna Sienta pa Golomoti

Chichewa chathu chinaona patali. Namwali akatchena timati wakongola; munthu akatenga ndalama za eni timatinso wakongola. Ndiye inu achimwene amene mwatopa kupalasa kabaza padzuwa la pa Golomoti, maso ali pa ma Sienta othamanga mumsewu wa M5 pakati pa Salima ndi Balaka, senderani pafupi ndikuphunzitseni kakongoledwe.

Tiyambe ndi dipoziti. Iyi ndi ndalama imene mumapereka kuti okongozawo akhulupirire kuti muli ndi ndalama zimene mulibe. Gulitsani mbuzi zonse, muphatikizepo matumba a mpunga wa ku Bwanje omwe mayi a kunyumba anasungira fizi ya ana. Akafunsa, auzeni kuti mbuzi zasanduka matayala.

Kenako chiwongoladzanja. Ndalama ya mwini ikagona m'thumba mwanu imakhala ngati mlendo wodabwitsa: wogona ndi iye, wolipira chipinda ndinu. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki enawa amaonjezerapo kawo pamwamba. Mukaona kuti kubanki mafomu achuluka, pitani kwa wakatapila, munthu wachifundo amene safunsa zambiri. Akakupatsani K100,000 pa 50 peresenti pamwezi, mwezi ukatha ndi K150,000. Mukazemba, wachiwiri ndi K225,000, wachitatu K337,500. Ndi mbewu iti kuchigwa kuno, thonje kapena mpunga, imene inaberekapo chonchi popanda feteleza? Chodandaulitsa n'chimodzi chokha: munda ndinu, wokolola ndi wina.

Pali kawerengedwe kawiri komwe musayerekeze kukamvetsa. Tinene kuti mwatenga K1,200,000 pa 3 peresenti pamwezi, yobweza K100,000 mwezi uliwonse kwa chaka. Wokongoza wina amawerengera chiwongoladzanja pa ngongole yotsala yokha, ndipo chaka chikatha mumakhala mwaonjezera K234,000. Wina amawerengera pa ndalama yonse imene munatenga tsiku loyamba, ngakhale mwabweza kale theka, ndipo kwake mumaonjezera K432,000. Onse awiri pakamwa pawo ndi "3 peresenti basi, bwana". Sankhani amene wakutchulani bwana mokweza.

Chikole musachiope. Pa ngongole ya galimoto, chikole ndi galimoto yomweyo, ndipo bulu buku amasunga ndi okongoza. Sienta ndi yanu pothira mafuta, polipira inshulansi ndi COF, komanso pokambirana ndi apolisi apamsewu. Papepala ndi yawo. Akulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma akuluwo sanakwerepo Khwekhwelere ndi anthu khumi m'galimoto ya anthu asanu ndi awiri, mitolo ya nsomba zouma ili kumbuyo. Mabuleki akayamba kununkha potsika phirilo, dziwani kuti ndi fungo la chitukuko.

Adzafunanso mboni. Alamu anu aphunzitsi aja ndiwo oyenera, poti ali ndi malipiro a pamwezi. Auzeni kuti n'kungosayina chabe. Musawadetse nkhawa powafotokozera kuti inu mukalephera, wobweza ndi iwo. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngongole yake nayonso chimodzimodzi.

Akakupatsani miyezi yopumira musanayambe kubweza, pumulanidi. Chiwongoladzanja chokha n'chomwe kawirikawiri sichipuma, koma n'zake zimenezo. Za mphamvu ya kwacha musazitsatenso. N'zoona kuti galimotozi zimachokera ku Japan, kudutsira pa Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndipo zimagulidwa m'madola pamodzi ndi zipangizo zake. N'zoonanso kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mitengo ya masipeyala n'kuuluka pomwe okwera akukakamirabe mtengo wakale. Koma zimenezo n'za ophunzira a ku Lilongwe.

Mwezi ukakuvutani, tumani mayi akatenge kubanki m'khonde mutsekere kubanki. Ya kubanki m'khonde mutsekere ndi ya pafoni, ya pafoni ndi ya katapila. Dzenje limakwiriridwa ndi dothi la dzenje lina. Ndipo dzina lanu silidzaiwalika: kuchokera pa lamulo la 2010, m'dziko muno muli mabungwe osunga mbiri ya okongola, omwe mabanki amafunsako asanakongoze munthu. Mudzatchuka m'maofesi omwe simunapondemo.

Tsiku lolanda likafika, valani bwino. Kudzabwera anyamata awiri aulemu ndi kalata, inu muli pasiteji mukuitanira a ku Monkey Bay. Perekani makiyi, muchotsemo kapu yanu ndi kachitsulo kotsegulira chitseko chakumbuyo. Akakagulitsa galimotoyo motchipa, yotsalayo mudzabwezabe, uku mukupalasa njinga yobwereka.

Langizo lalikulu ndi ili: musadzafunse kuti, "Kodi zonse pamodzi ndibweza zingati?" Funso limeneli laononga maloto a anthu ambiri. Amene analifunsa anabwerera kwawo wapansi, zidendene zili zong'aluka, osakongola ngakhale pang'ono. Mpaka lero akugona tulo mpaka mbandakucha, ndipo chowadzutsa ndi phokoso la mbuzi m'khola.