Msewu wathu ndi waulemu

Alendo ochokera ku Lilongwe akafika kwathu amatsika pa njinga yamoto atagwira msana, n'kufunsa funso lomwe lija: "Kodi msewu wanuwu anaulemba ndani? Bwanji ukungopindikapindika ngati njoka yomenyedwa pamutu?" Ife timati ndi mapiri. Timaloza phiri la Ntchisi uko ndi nkhalango yake, timaloza zitunda za Dowa zotsetserekera ku Mvera, n'kunena kuti dziko lake ndi lotero. Amakhulupirira. Koma ine ndine mlembi wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo buku la maminitsi limagona kunsi kwa matiresi anga. Mapiri akungonamiziridwa. Msewu wathu umakhota chifukwa ndi waulemu: sungadutse munthu wamkulu osapatuka kukapereka moni.

Dzina la mudzi sinditchula, ngakhale kukuuzani ngati tili mbali ya Dowa kapena ya Ntchisi. Abale ndili nawo uku ndi uku, ndipo maliro ndimayenda konsekonse. Ingodziwani kuti fodya ndi soya wathu amatulukira pa Mponela, phula timakaliona pogula feteleza, ndipo pakati pa mudzi ndi sukulu pali khwawa. M'chilimwe khwawalo ndi mchenga wokhawokha, mwana amalidumpha akudya chinangwa. Mvula ya Januwale ikagwa kumtunda limalusa. Ana amabwerera kunyumba makope ali pamutu, wodwala amadikira tsidya lino mpaka madzi aphwe, ndipo wa kabaza amakweza mtengo asanalize n'komwe injini.

Ndiye tsiku lina a khansala anabwera ndi uthenga woti kukhonsolo kwapezeka kandalama kopalira msewu wathu ndi kuika kalavati mmodzi. Mmodzi basi. Poti mutu umodzi susenza denga, tinaitanitsa msonkhano wa 8 koloko m'mawa, umene unayamba anthu atadya nsima ya masana.

Anthu anafika msanga, chinatichedwetsa ndi mipando. Tinabwereka 6 kutchalitchi pamene olemekezeka anali 9. A gulupu sangakhale pa benchi nyakwawa zawo zili pampando. A khansala sangakhale kumbuyo kwa woimira a phungu, pakuti iwo anavoteredwa pamene mnzawoyo anangotumidwa. Koma woimirayo naye amati akakhala iye ndiye kuti akhala a phungu eniake, ndipo a phungu ndi benchi sizidziwana. Mpando wa manja unali umodzi. Mlandu unatha a hedi atatuma ana awiri kukanyamula mpando wa mu ofesi mwawo, iwo n'kuima chiimire msonkhano wonse.

Kenaka malonje. Kwathu munthu sayamba mfundo asanatchule aliyense wokhala pampando, mwa ndondomeko yake, kuyambira a gulupu mpaka wapampando wa komiti ya mjigo. Mnyamata wa kukhonsolo, atavala kajekete konyezimira kaja ka anthu a misewu, anafuna kudula njira ndi timawu titatu ta Chingerezi timene timamanga olemekezeka onse mtolo umodzi ngati nkhuni. A gulupu anatsokomola. Mnyamatayo anayambiranso.

Malonje atatha, dzuwa litapendeka, mayi wina wamasiye amene nyumba yake ili m'mphepete mwa khwawa anagwada kumbuyo uko n'kuomba m'manja.

"Zikomo mafumu. Ine ndimati kalavatiyo aikidwe pamene pamadutsa madzi."

Anthu anaseka. A tcheyamani anamwetulira ngati akuyankha mwana. "Mayi, mfundo yanu ndi yabwino, koma yafulumira. Tiiona pa zina ndi zina."

Ndinailemba pa zina ndi zina. Mpaka lero ili pomwepo.

Tsono tamverani mmene msewu umabadwira. A gulupu sanapemphe kanthu, mfumu sipempha. Anangofunsa modekha ngati n'zoona kuti galimoto ya a DC ikadzabwera idzaima kuthengo, iwo n'kumayenda wapansi ndi ndodo yawo kukailonjera. Tonse tinati ayi, zimenezo n'kuvula mudzi. Khota loyamba. A khansala anatikumbutsa kuti chitukuko chimayenda ndi malonda, ndipo zinangochitika kuti golosale yokhayo m'mudzi muno ndi ya mayi akunyumba kwawo. Khota lachiwiri. Akulu a mpingo sanachulutse mawu: "Mipando mwakhalirayo ndi yathu." Lachitatu. Mlimi wina wa fodya, amene lole yake imanyamula bokosi pa maliro alionse osalipiritsa dizilo, sanatsegule pakamwa n'komwe. Tinangoyang'anana, aliyense akuganiza za tsiku lake, msewu n'kulowera wokha ku zigafa zake. Pamsitu wa kumanda, kumene kumatulukira zilombo, panalibe mtsutso. Msewu unalambalala patali, pakuti woyendetsa giledala woti akakangane ndi gule sanabadwe.

Palinso kakhota kena kakang'ono pafupi ndi mtengo wa mapeyala, kamene alendo samakamvetsa. Pamenepo ndi pakhomo panga. Wolemba maminitsi naye ndi munthu.

Musatiweruze msanga. Ulemuwu tinauphunzira chifukwa eni msewu ndi ambiri ndipo amasinthasintha. Malemu agogo anga, amene anapita ku Halale pa Mthandizi nthawi ya atsamunda, ankaseka mpaka misozi atamva kuti ntchito yolima msewu ndi makasu tikuitchanso Mthandizi. Ankati wakale uja unkakutengera kutali kuti ukapeze ndalama, watsopanoyu umakupeza pakhomo, koma ndalama yake ndiyo imachokera kutali wapansi. Nthawi ya Kamuzu misewu yotereyi tinkailambula pa Sabata ya Achinyamata, ndipo wofunsa za alawansi analibe pobisala. M'zaka za m'ma 1990 kunabwera MASAF ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Mu 1998 kunabwera lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi mawu okoma aja oti mphamvu ku anthu. Makhansala tinawasankha mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo tinakhala opanda khansala mpaka 2014. Pobwerera anapeza pampando wa chitukuko pakhala kale a phungu, atakumbatira thumba la CDF limene linayamba mu 2006. Kuchokera pamenepo kalavati aliyense amabadwa ndi atate awiri, ndipo onse amafuna kuti mwana atenge dzina lawo.

Aliyense wa eni msewuwa anatisiyira chikwangwani. Ndikuuzeni, chitsulo cha zikwangwani za chitukuko n'cholimba kuposa chitukuko chimene. Msewu umakokoloka mvula yoyamba, chikwangwani chili njo. China ndi chitseko cha khola la nkhumba kumtunda uko, china amayanikapo mphale, ndipo palibe anganene kuti mudzi sunapindule.

Giledala inafika Lachiwiri lina mu Seputembala, mudzi wonse n'kusiya ntchito. A hedi anatulutsa ana kuti akaone sayansi ndi maso. Inagwira ntchito masiku awiri, inapereka moni kwa a gulupu, kugolosale ndi kutchalitchi, ndipo itangofika pakhota langa dizilo anatha. Woyendetsa anati akukatenga mafuta ku Boma, abwera mawa. Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta pa Mponela akudziwa kutalika kwa mawa ameneyo. Giledala inakhala pakhomo panga miyezi itatu. Nkhuku za mkazi wanga zinaikira kunsi kwake n'kuswa. Anyamata a kabaza anapasandutsa siteji, ndipo ngakhale makinawo anachoka kalekale, mukauza wa kabaza kuti akutsitseni Pa Giledala sasochera.

Za kalavati zinavuta pang'ono. Mnyamata wa kajekete uja, kunena zoona, anafuna pakhwawa. Anayeza ndi tepi, anakhoma zikhomo, anajambula ndi foni. Koma lole yonyamula mapaipi a simenti sikanatha kufika pakhwawa chifukwa kulibe msewu, ndipo msewu sunafike chifukwa dizilo anathera m'malonje. Mapaipi anawatsitsa pamene lole inalekezera, pamtunda wouma kutsogolo kwa bwalo la a gulupu. Komiti inakumana kuti ione zowagubuduzira kumunsi. Apa m'pamene woimira a phungu anafunsa funso limene linatitsegula maso: pa tsiku lopereka ntchito, amayi a chimtali adzavinira pati? Pakhwawa ndi potsetsereka, palibe mthunzi, ndipo galimoto ya a phungu ndi yatsopano. Tinagwirizana tonse, popanda wotsutsa, kuti kalavati amangidwe pomwe mapaipi agonapo. Mayi wamasiye uja anaimika dzanja, koma nthawi inali itatha.

Mwambo wopereka unakoma, zimenezo palibe angakane. Maliboni anali awiri, chifukwa a khansala ndi a phungu aliyense anabwera ndi sizasi yake. Anadula nthawi imodzi, wina kumanja wina kumanzere, wojambula n'kuwapempha kuti abwereze poti a gulupu anaphethira. Tinamanga mfundo maliboniwo, anadulanso. Mbuzi ziwiri zinafa, Fanta anakwanira a pamipando, a pa benchi tinagawana awiriawiri. A phungu anati kuyambira lero mavuto a mayendedwe m'dera lino ndi mbiri yakale. Amayi analuluta. Nane ndinaomba m'manja buku la maminitsi lili m'khwapa.

Mvula inabwera pa nthawi yake. Madzi saiwala khwawa, ndipo athuwa sanaitanidwe kumsonkhano, choncho anadutsa momwe ankadutsira makolo athu asanabadwe. Kalavati ali gwa, wouma ngati m'nkhokwe ya chaka cha njala. Masana ana amaseweramo chibisalirano, usiku mumagona mbuzi za a gulupu, ndipo fisi sanagwirepo ngakhale imodzi. Pa lipoti lopita kukhonsolo ndinalemba kuti ntchitoyi ikugwiritsidwa ntchito usana ndi usiku. Sindinaname.

Nthawi yonseyi thumba la CDF limangonenepa pa wailesi. Linachoka pa K40 miliyoni kufika pa K100 miliyoni mu 2022, kenaka K200 miliyoni. Mu Meyi 2025 tinamva kuti khoti lagamula kuti aphungu asamayendetse nawo thumbali ndiponso asamavote m'makhonsolo. A khansala anayenda sabata yonse chifuwa chili patsogolo ngati tambala wa pa Khirisimasi amene wapulumuka. Pa kampeni ya chaka chomwecho kunamveka za K5 biliyoni pa dera la phungu aliyense. A gulupu anandiitana madzulo, n'kundiuza kuti nditenge cholembera. Amafuna kudziwa kuti ndalama imeneyo ingakwanire makhota angati, chifukwa alongo awo okwatiwa kuseri kwa phiri akhala akudandaula kuti msewu umawadutsa ngati sunawaone.

Tili m'kati mowerengera, Loweruka lina m'mawa mayi wamasiye uja anadula mitengo iwiri ya bulugamu ya kumunda kwake. Iye ndi ana ake aamuna awiri anaikokera pakhwawa ndi ng'ombe zobwereka, anaigoneka kuchoka tsidya lino kufika tsidya ilo, n'kukhomapo timatabwa ta chitseko chakale. Pofika masana anali atamaliza. Lolemba ana onse anafika kusukulu ouma, ndipo a hedi anasowa powakhazika.

Komiti inakhumudwa kwambiri. Chitukuko chopanda msonkhano, chopanda pemphero lotsegulira, chopanda wodula liboni, chimenecho ndi chipongwe kwa mafumu ndi kwa mphamvu ku anthu. Tinawaitanitsa mayiwo kubwalo. Anagwada momwe anagwadira tsiku lija.

"Mayi, munatsanzika kwa yani podzetsa chitukuko m'mudzi wa eni ake?" anafunsa a tcheyamani.

"Pepani mafumu, ndinaphonya. Ndimayesa zili pa zina ndi zina."

A gulupu ndi munthu wachifundo, anangowalipiritsa nkhuku imodzi. Tinagwirizananso kuti pamitengopo paikidwe chikwangwani chosonyeza kuti ntchitoyi yatheka ndi utsogoleri wa komiti, ndipo a khansala ndi woimira a phungu akukambiranabe za dzina loyamba kulembedwa. Nkhuku ija tinadya pa msonkhano wotsatira. Ine monga mlembi anandipatsa chiganga, ndipo zili m'maminitsi.